Cikhola ca Kumutu pa Makina a MRI Sicoopsa Ayi

Odwala ena amene amatumizidwa ku Lusaka kukajambulidwa ndi makina a MRI amadzidzimuka akaona cikhola cimene amawaveka kumutu asanawalowetse m'makinawo. Wina akagwidwa ndi mantha amagwedezeka, cithunzi n'kuonongeka, ndalama ya ulendo n'kupita pacabe.

Cikhola cimeneci madokotala amacicha koyilo. Cimagwira nchito ngati eriyo ya wailesi, ndipo mkati mwake muli mawaya a mkuwa. MRI silasa thupi ndi ceza ngati X-ray. Wodwala amagona mkati mwa maginito wamphamvu, makina n'kutumiza mafunde a wailesi m'thupi. Madzi a m'thupi amabweza mafundewo motsika kwambiri, koyilo n'kuwatola, ndipo kompyuta imawasandutsa cithunzi. Pa makina a mphamvu ya 1.5 tesla mafundewa amakhala pafupifupi 64 MHz, munsi pang'ono mwa mawailesi a FM.

Ndiye cifukwa cake koyilo iyenera kukhala pafupi ndi khungu. Munthu wonong'ona amamveka kwa amene wayandikizitsa khutu. Koyilo ikakhala patali imatola phokoso lacabecabe, ndipo kacotupa kakang'ono ka mu ubongo kakhoza kubisika.

Akatswiri akhala akulimbana ndi vuto limeneli kwa zaka zambiri. Mu 1985 Cecil Hayes ndi anzake a kampani ya General Electric ku America anapanga koyilo yozungulira mutu wonse, yooneka ngati khola la mbalame, ndipo dzina lake la Cingerezi linacokera pamenepo. Mu 1990 Peter Roemer ndi anzake anaonetsa kuti timakoyilo tambiri toyalidwa pamodzi, kalikonse kakumvetsera pamalo pake, timatulutsa cithunzi cooneka bwino kuposa koyilo imodzi yaikulu. Nzeru imeneyi ndiyo inathandiza Klaas Pruessmann ndi anzake ku Zurich mu 1999 kupeza njira yofupikitsira nthawi yojambula. Kwa mwana wamng'ono kapena nkhalamba ya msana wopweteka, mphindi zocepa zimenezi n'zamtengo wapatali.

Komabe pali zofunika kusamala. Mafunde a wailesi amatenthetsa thupi pang'ono, ndipo waya wa koyilo ukapindika n'kukhudza khungu ukhoza kuocha munthu. Ogwira nchito amaika tomapilo pakati pa khungu ndi waya, ndiponso amaletsa wodwala kupinda manja kapena kupingasa miyendo. Wodwala akamva kutentha pamalo amodzi adinize belu limene amamupatsa m'manja, asapirire ayi. Ndolo, mphete, makiyi ndi zomangira tsitsi zacitsulo zonse zisiyidwe kunja. Amene ali ndi kamakina kothandiza mtima kugunda kapena kacitsulo kalikonse m'thupi anene asanalowe m'cipindamo.

Nanga ciphokoso cija comveka ngati akukhoma malata? Cimacokera ku mawaya ena a mkati mwa makina, osati ku cikhola ca kumutu, ndipo wodwala amapatsidwa zotseka m'makutu.