Musanasinthe Windows, chotsani disiki ya zithunzi

Mu Makululu, laputopu imodzi imasungira banja lonse. Foni ikadzala, zithunzi amazithira mmenemo: za kitchen party, za chilanga mulilo, za graduation ya asisi ku Nkrumah kapena ku Mulungushi, na kamodzi kaja ka ambuya komwe banja lidzakafuna tsiku lokonza pulogalamu ya maliro. Manje makina ambiri otere afika posinthidwa, ndipo apa mpamene zithunzi zimafera.

Pa 14 October 2025, Microsoft inaleka kusamalira Windows 10. Kompyuta siyizima iyayi, koma kampaniyo inasiya kutumizira aliyense zotseka mipata yolowera ma virus. Windows 11 nayo ili na matama: imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 na purosesa yatsopanoko, zomwe malaputopu ambiri ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito alibe. Ndiye ena akuthawira ku Linux Mint kapena Ubuntu, kaili nzaulere.

Mukapita nayo kwa okonza m'tauni, mudzamva akuti, "Osadandaula bosi, zonse taika pa D." Apa chenjerani. Pa makina ambiri, C na D ni disiki imodzi yogawidwa pawiri, monga chipinda chimodzi chodulidwa na katani. Moto ukabuka sufunsa katani. Poika Linux Mint pamabwera mawu akuti "Erase disk and install". Mukadina pamenepo, C na D zonse zapita.

Olo mutakopera pa disiki yakunja, nkhani sinathe. Nthawi yoika dongosolo latsopano, zilembo munazolowera zija sizioneka. Windows imalemba "Drive 0" na "Drive 1", Linux imalemba mayina monga sda na sdb. Munthu wothamanga, malaiti atsala pang'ono kupita, akhoza kusankha yolakwika n'kufufuta backup yomweyo. Mankhwala ake ni otchipa maningi: mukatsiriza kukopera, chotsani disikiyo, ikani mu chikwama, isiyeni kunyumba. Chomwe sichinalumikizidwe sichingafufutike. Futi fulashi yoikira Windows kapena Linux ikhale ina, chifukwa mapulogalamu monga Rufus amayamba aikolopa yonse.

Koma musanaichotse, onani ngati zakoperekadi. Dinani Properties pa foda yakale na yatsopano, muyerekeze kuchuluka kwa mafayilo. Kenako itsegulireni pa kompyuta ina, muyese zithunzi za zaka zosiyanasiyana na mavidiyo angapo. Kuli mafulashi abodza olembedwa 1TB koma mkati muli kamalo kochepa chabe. Amaonetsa mayina a mafayilo bwinobwino, kutsegula n'kupeza mulibe kanthu. Disiki yaikulu pa mtengo wa vitumbuwa, ikayikireni.

"Zanga zili pa Google," ena amatero modzitama. Chabwino, koma malo aulere ni 15GB chabe, ogawana Gmail, Drive na Google Photos, ndipo kuyambira mu 2024 backup ya WhatsApp pa Android imadyanso pomwepo. Akadzala, zithunzi zatsopano zimaleka kukwera. Nanga pasiwedi mukuikumbukira, kapena ni Chrome imakukumbukirani? Fomati imapita nayo. Ilembeni pa pepala, muonenso ngati nambala ya foni yobwezera akaunti ikali yanu, osati simu ija inatayika pa basi ya ku Kapiri. Ngati disiki yanu ni yokhomedwa na BitLocker, sungani kiyi yake ya manambala 48 musanakhudze chilichonse.

Kukopera chitani nokha. Si okonza onse ali na manja oipa, koma zithunzi za kuchipinda, za NRC na za mapepala a plot sizofunika kugona pa shopu ya munthu wina. Kopi yachiwiri mukaisiye kwa m'bale ku Bwacha kapena ku Chowa, poti wakuba akalowa amanyamula laputopu pamodzi na disiki ili pambali pake.

Ngati zachitika kale, zimitsani makinawo pomwepo. Osaikamo nyimbo, mafilimu olo pulogalamu ina iliyonse, chifukwa chatsopano chimalembedwa pamwamba pa chakale. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imatha kupulumutsako zithunzi pa hadi disiki yakale ija yozungulira, ngakhale zimabwera zopanda mayina awo. Pa SSD mwayi umachepa kwambiri.