Chakudya Chikamachedwa Kutsika: Kuyeza Chifu Pogwiritsa Ntchito Dzira

Munthu amene wadwala shuga kwa zaka zambiri akayamba kukhuta atangodya pang'ono, kuchita nseru komanso kusanza chakudya chadzulo, achibale amaganiza kuti ndi zilonda za m'mimba. Akumudzi akamva pafoni, ena sachedwa kutchula ufiti. Komatu nthawi zina shugayo amakhala atawononga mitsempha yoyendetsa chifu, chakudya n'kumangokhala osatsika. Madokotala amati gastroparesis.

Kamera yolowetsa kukhosi imaona zilonda, koma siyeza liwiro la chifu. Poyeza liwiroli, amakupatsani zoyera za dzira zophika zothiridwa kamankhwala ka technetium-99m, buledi, jamu ndi madzi. Makina amajambula mukangomaliza kudya, kenako pakatha ola limodzi, maola 2 ndi maola 4. Chakudya choposa 10 peresenti chikapezeka chikadali m'chifu pa maola 4, ndiye kuti chikuchedwa.

Kale chipatala chilichonse chinkayeza mwa njira yakeyake, zina n'kulekezera pa maola 2, ndipo odwala ena ankabwerera kunyumba atauzidwa kuti ali bwino. Mu 2008, bungwe la Society of Nuclear Medicine la ku Reston, Virginia, linagwirizana ndi akatswiri a matenda a m'mimba pa njira imodzi ya maola 4. Ku Bethesda, Maryland, nthambi ya NIDDK yakhala ikuthandiza kafukufuku wa matendawa kuyambira 2006. Choncho mukamapangana tsiku, funsani ngati adzayeze maola onse 4.

Mawu oti "nyukiliya" asakuopseni. Mlingo wake ndi wochepa, ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 alionse. Koma auzeni adokotala ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, ndiponso ngati mumabaya Ozempic kapena kumwa mankhwala opha ululu a gulu la morphine, chifukwa amenewa paokha amachedwetsa chifu.