Aneni a Proto-Italic, chilankhulo chimene palibe anachilembapo

Kholo losaoneka

Chilatini chinali ndi azibale ake ku Italy: Chifalisiki, Chiosikani ndi Chiumbriya. Zonsezi zinachokera ku kholo limodzi lotchedwa Proto-Italic. Kholo limeneli silinasiye cholembedwa chilichonse, choncho akatswiri amafananiza mawu a ana ake n'kumabwerera m'mbuyo, ngati mmene amachitira pofufuza kholo la zilankhulo za Bantu. Mawu opezeka motero amawaika kanyenyezi kutsogolo.

Umboni wake

Ndi wochepa. Chiumbriya timachidziwa makamaka kudzera pa zitsulo 7 zamkuwa zomwe zinapezeka ku Gubbio mu 1444, zolembedwa malamulo a nsembe. Chiosikani chili pa zolemba monga Tabula Bantina.

Pamene zilankhulozi zagwirizana

Apa ntchito siivuta. "Anapereka" pa Chilatini ndi dedit, pa Chiosikani ndi deded. Onse akubwereza phatikizo loyamba, ndiye kuti khololo linkateronso. Msintho wa mchitidwa nawonso umathera ndi r: vincitur pa Chilatini, vincter pa Chiosikani.

Pamene mutu umazungulira

Nthawi yakale ndiye imasautsa. "Anavomereza" pa Chilatini ndi probavit, koma Aosikani ankati prúfatted, ndipo -tt- ameneyu ku Chilatini kulibe. Pa Chilatini fecit, "anapanga", sabwereza phatikizo, pamene Chiosikani chili ndi tsinde lakuti fefac-.

Kusiyanaku kukuchokera kuti? Kholo lakale kwambiri, Proto-Indo-European, linali ndi njira ziwiri: aorist yonena kuti chinthu chinachitika, ndi perfect yonena mmene zinthu zatsalira chitachitika. Chilatini chinazisakaniza kukhala nthawi imodzi. Dixi anachokera ku aorist, dedi ku perfect. Chiosikani ndi Chiumbriya zinasakanizanso, koma kawirikawiri zinasankha tsinde losiyana ndi la Chilatini pa mneni yemweyo. N'chifukwa chake akatswiri monga Gerhard Meiser amati mu Proto-Italic njira ziwirizi zinali zisanaphatikizane. Ine ndikuona kuti mfundoyi ndi yomveka: zilankhulozi zikanalandira tsinde limodzi, sizikanasiyana chonchi.

Nanga nthawi yamtsogolo?

Nayonso ndi yogawanika. Chifalisiki chimati carefo, Chilatini carebo, "ndidzasowa". Aosikani ankagwiritsa ntchito s, monga deiuast, "adzalumbira". Choncho mukaona ndandanda yathunthu ya aneni a Proto-Italic, muziyamba mwafunsa kuti mzere uliwonse ukuchirikizidwa ndi zilankhulo zingati.