Tiyi wa masana kunyanja: zimene Chintheche ingaphunzire ku Jamaica

M'malesitilanti ena a ku London, dzuwa likapendeka, anthu amakhala pansi kumwa tiyi ndi ndiwo zoikamo tsabola woyabwa, nsomba zokazinga ndi nthochi zophika, m'malo mwa masikono ndi makeke a Angelezi. Zakudyazi n'zochokera kuzilumba za Caribbean, monga Jamaica, Barbados ndi Trinidad. Munthu wa ku Chintheche kapena ku Kande ataona mbaleyo sangadabwe kwambiri, chifukwa zambiri za m'mbalemo zimamera kuseri kwa nyumba yake.

Mwambo womwa tiyi masana unayamba pakati pa anthu olemera a ku England cha m'ma 1840. Ambiri amati amene anautchukitsa ndi Anna Russell, mkazi wa mfumu ya ku Bedford, amene ankamva njala pakati pa nkhomaliro ndi mgonero umene unkachedwa kwambiri. Tiyiyo ankachokera ku China, ndipo kenaka ku India, koma shuga womutsekemeretsa ankachokera m'minda ya nzimbe ya ku Caribbean, momwe kwa zaka mazana ambiri munkagwira ntchito akapolo ogwidwa ku Africa. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ake ambiri m'chaka cha 1833. Mu June 1948, sitima yotchedwa Empire Windrush inafika ku England itanyamula anthu ochokera ku Caribbean, ndipo iwo ndi ena amene anatsatira pambuyo anabwera ndi kaphikidwe kakwawo. Adzukulu awo ndi amene lero akuika zakudya za agogo awo patebulo limene kale linali la mabwana okhaokha.

Boma la Nkhata Bay lili nayo mbali m'nkhaniyi. Ngakhale tiyi wa m'Malawi amadziwika kwambiri ndi Mulanje ndi Thyolo, kumene ulimi wake unakhazikika kuyambira m'ma 1890, kumpoto nakonso kuli minda ya tiyi, ndipo esiteti ya Kawalazi m'bomali imalima tiyi ndi makademiya. Mvula yambiri imene imagwa m'derali ndi imene imachititsa kuti tiyi, mphira wa ku Vizara, nthochi ndi chinangwa zichite bwino. Shuga naye sali kutali: mseu wa M5 umene umadutsa ku Chintheche ndi ku Kande ndi womwewo wopita ku Dwangwa, kuminda ya nzimbe.

Chinthu chachikulu chimene chimalumikiza madera awiriwa ndi chinangwa. Mbewuyi kwawo ndi ku South America, ndipo anthu a mtundu wa Taino, amene ankakhala ku Jamaica Azungu asanafike, ankapanga buledi wa chinangwa. Apwitikizi ndi amene anabweretsa mbewuyi mu Africa m'zaka za m'ma 1500. Lero Atonga amadya kondowole, pamene a ku Jamaica amadya bammy, chikondamoyo chophwatalala cha chinangwa chimene amachiviika mu mkaka wa kokonati n'kuchikazinga. Anthu a mbali zonse ziwiri anazindikira kalekale kuti chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene angathe kudwalitsa kapena kupha munthu. Kunyanja kuno amachisenda, amachiviika m'madzi kwa masiku angapo, amachiyanika, kenaka n'kuchisinja. Ku Caribbean amachipala n'kukhala ngati phala, amafinya madzi ake onse, kenaka n'kuchiotcha. Njira n'zosiyana koma cholinga n'chimodzi, ndipo wophika aliyense wofuna kuyesa bammy kuno sayenera kudumpha sitepe imeneyi.

Nsomba nazo zikugwirizana. Bammy amadyera limodzi ndi nsomba yokazinga imene amaithira viniga wowiritsa pamodzi ndi anyezi, kaloti ndi tsabola, ndipo chakudyachi amachitcha escovitch. Vinigayo amathandiza kuti nsombayo isaonongeke msanga kumalo otentha. Batala wa ku Nkhata Bay, nsomba ya mafuta ake yokha, angalowe bwino m'kaphikidwe kotere, chimodzimodzinso chambo kapena usipa wauwisi. Tsabola amene a ku Jamaica amanyadira, scotch bonnet, ndi wa banja limodzi ndi kambuzi wathu, ndipo onse awiri ali ndi fungo lokoma kuwonjezera pa kuyabwa. Chakumwa chofiira chimene iwo amachitcha sorrel, chimene sichisowa pa Khirisimasi, amapangira chidede chomwechi chimene timachidziwa kuno, n'kuthiramo jinja. Zitumbuwa za nthochi zakupsa aliko nazo, ndipo keke ya mbatata ndi ya ufa wa chimanga sizitalikirana ndi chigumu chathu.

Ubalewu sunathere m'khitchini mokha. Clements Kadalie, mwana wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919. M'bungwelo munali anthu ochokera ku Caribbean, ndipo maganizo a Marcus Garvey wa ku Jamaica ankamveka pakati pa mamembala ake. Masiku ano nyimbo za rege zimamveka m'minibasi ndi m'magolosale a m'mbali mwa nyanja, ndipo chikondwerero cha Lake of Stars chinachitika koyamba ku Chintheche m'chaka cha 2004.

Nanga zonsezi zikumukhudza bwanji mlimi wa ku Mpamba kapena msodzi wa ku Usisya? Malo ogona alendo ali ndandanda m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche, ndipo alendo amene amafikako ayenera kudya. Mlendo akapatsidwa tiyi ndi mabisiketi a m'paketi ochokera kunja, ndalama yake imatuluka m'bomalo tsiku lomwelo. Akapatsidwa tiyi wa ku Kawalazi, chikondamoyo cha chinangwa, batala wothira kambuzi ndi kapu ya chidede chozizira, ndalamayo imafika kwa mayi woviika chinangwa, kwa mwini bwato ndi kwa wogulitsa nthochi pamsika. Nthawi ya pakati pa nkhomaliro ndi mgonero, imene makhitchini ambiri amangokhala duu, ingasanduke nthawi ya malonda. Anthu a ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre amene amapita kunyanja kumathero a sabata angakhale makasitomala oyamba.

Zovuta zilipo. Matenda a chisaka anaononga minda yambiri ya nthochi m'bomali, ndipo alimi ena akali kubzala mbewu zatsopano. Nsomba zimasowa ndi kukwera mtengo mwera ukaomba. Ku Usisya, kumene mseu ndi wotsetsereka ndipo ambiri amadalira sitima ya Ilala ndi maboti, kutumiza nsomba yauwisi popanda ayisi ndi nkhani yaikulu. Komanso mwini malo odyera amafuna katundu wofanana sabata iliyonse, zimene mlimi mmodzi payekha sangakwanitse pokhapokha atagwirizana ndi anzake.

Palinso vuto la m'maganizo. Ambiri tinaleredwa tikuona chinangwa ngati chakudya cha nthawi ya njala, ndipo timachita manyazi kuchiika pamaso pa mlendo. Ku Jamaica nakonso bammy anatsala pang'ono kuiwalika pamene buledi wa tirigu anachuluka, koma anabwereranso, ndipo lero amagulitsidwa m'mapaketi m'masitolo mpaka kumaiko akunja. Chinangwa chimene iwo amapakira motero n'chomwecho chimene chayanikidwa pathandala ku Chintheche mmawa uno.