Nandolo wa ku Ekwendeni ndi mvula yosapanganika ya Mzuzu

Mu Epulo 2016, chimanga chitapserera ndi ng'amba m'maboma ambiri mpaka Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, ku Mzuzu kudali kulira kwina. Mvula idakhuthuka masiku otsatizana, nyumba zidagwa ku Masasa ndi ku Chibavi, anthu ena adataya miyoyo. Chaka chomwecho Amalawi oposa 6 miliyoni adafunika thandizo la chakudya.

Mzinda wa Mzuzu sudzidyetsa wokha. Mpunga wa Kilombero umachokera ku Karonga, chinangwa cha kondowole ndi usipa ku Nkhata Bay, tomato ndi kachewere ku Jenda. Mvula ikachedwa kumeneko kapena ikadukiza mbewu zili pa maluwa, mayi wogulitsa pamsika wa Zigwagwa amachepetsa mulu, mtengo n'kukhala womwewo.

Nawonso ulimi uli ndi mlandu wake. Mitengo ikugwa kuti papezeke minda ndi makala, ngakhale m'nkhalango ya Kaning'ina yomwe imasunga madzi a damu la Lunyangwa. Mtengo wotenthedwa umatulutsa mpweya wotenthetsa dziko, koma chimene mlimi amayamba kuona ndi dothi lachonde likutsetsereka ndi madzi, munda n'kutsala miyala.

Chopatsa chiyembekezo chili pafupi, ku Ekwendeni. Kuyambira 2000, bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, lomwe lidabadwira pa ntchito ya chipatala cha mishoni yolimbana ndi kunyentchera kwa ana, lakhala likuyesa pamodzi ndi alimi kubzala nandolo ndi mtedza mwakasakaniza. Mtedza umacha msanga n'kukumbidwa. Nandolo amatsala m'munda, mizu yake ikutsata chinyontho pansi penipeni, masamba akuyoyokera m'mizere. Akakolola, mlimi satentha zinyalalazo koma amazikwirira, ndipo chimanga cha chaka chotsatira chimapeza nthaka yodya kale komanso yosauma msanga. Pakhomo pamakhala ndiwo ndi nsinjiro za phala la mwana, thumba la feteleza likadula ngati mmene lilili masiku ano.

Njira imeneyi ndi yofunika kuilabadira kwambiri kuposa momwe ikulabadiridwira. Mu Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengezanso ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba yodza ndi nyengo ya El Niño, umboni wakuti kudalira chimanga chokha ndi mvula yokha kukuika mabanja pachiswe.

Vuto limene alimi a nandolo amadandaula nalo ndi ziweto. Chimanga chikangochoka m'munda, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, pomwe nandolo akadali wamuwisi. Apa m'pofunika mafumu akhazikitse malamulo a m'mudzi oti ziweto zizikhala ndi mbusa mpaka nandolo atathyoledwa, ndipo mwini mbuzi yowononga azilipira.