Pangano la Taif: Mmene Aluya Anayanjanitsira Anthu a ku Lebanon

Bungwe la Arab League, lomwe linakhazikitsidwa mumzinda wa Cairo pa 22 Malichi 1945 ndipo lero lili ndi mamembala 22, limadzudzulidwa kawirikawiri kuti misonkhano yake imangothera pakamwa, chifukwa malamulo ake oyambirira anati chigamulo chimene onse sanagwirizane nacho chimamanga mayiko okhawo amene achivomera. Komabe nkhondo yapachiweniweni ya ku Lebanon, yomwe inabuka mu 1975 n'kutha mu 1990, ikusonyeza kuti mayiko a Aluya amatha kuyanjanitsa adani akafika pagwero la mkangano.

Gwerolo linali kagawidwe ka maudindo motsatira zipembedzo. Kuyambira mu 1943, mtsogoleri wa dziko ankakhala Mkhristu wa mpingo wa Maronite, nduna yaikulu Msilamu wa Chisuni, sipikala Msilamu wa Chishiya, pamene kunyumba ya malamulo Akhristu ankatenga mipando 6 pa mipando 5 iliyonse ya Asilamu, potengera kalembera wa 1932. Asilamu atachuluka anaona kuti akuponderezedwa, ndipo kubwera kwa magulu a zida a Apalestina kunakolezera moto.

Poyamba Aluya anayesa njira ya asilikali, pomwe misonkhano ya ku Riyadh ndi ku Cairo mu 1976 inavomereza gulu losungitsa mtendere la asilikali pafupifupi 30,000. Popeza ambiri mwa iwo anali a Syria, dziko lomwe linali ndi zofuna zakezake mu Lebanon, osungitsa mtenderewo anasanduka mbali imodzi ya nkhondoyo.

Zinthu zinasintha mu Meyi 1989 pamene msonkhano wa ku Casablanca unasankha amkhalapakati atatu opanda asilikali mu Lebanon, omwe anali Mfumu Fahd ya Saudi Arabia, Mfumu Hassan II ya Morocco ndi Pulezidenti Chadli Bendjedid wa Algeria, ndipo nthumwi yawo Lakhdar Brahimi ndiyo inkayendera mbali zonse. Anaitanira ku Taif, mzinda wa m'mapiri a Saudi Arabia, aphungu 62 mwa otsala a amene anasankhidwa mu 1972, chifukwa nkhondo inali italepheretsa chisankho china chilichonse. Aphunguwo, ambiri atakalamba pampando, anakambirana masabata atatu kutali ndi mizinga ya ku Beirut mpaka anamanga mfundo imodzi pa 22 Okutobala 1989.

Panganolo linagawa mipando pakati ndi pakati kwa Akhristu ndi Asilamu, linachotsa mphamvu zambiri kwa mtsogoleri wa dziko n'kuzipereka kwa nduna zonse pamodzi, komanso linalamula magulu a zida kutula pansi mfuti. Mtendere sunabwere tsiku lomwelo, pakuti René Moawad, amene aphungu anamusankha kukhala pulezidenti mu Novembala, anaphedwa ndi bomba mwezi womwewo, ndipo Michel Aoun, mkulu wa asilikali amene anakana panganolo, anagonjetsedwa mu Okutobala 1990.

Mfundo zimene amkhalapakati anazisiya m'malere pofuna kuti onse avomere ndizo zinadzavutitsa dzikolo pambuyo pake. Panganolo silinaike tsiku loti asilikali a Syria achokeretu, kotero anakhalabe mpaka 2005, Rafik Hariri, nduna yaikulu yakale ya Lebanon, ataphedwa, komanso gulu la Hezbollah linasunga zida ponena kuti likulimbana ndi Israel kummwera, ndipo lonjezo la panganolo lothetsa ndale zotsamira zipembedzo silinakwaniritsidwe. Choncho mu 2008 atsogoleri a Lebanon anakafunanso mkhalapakati ku Doha m'dziko la Qatar. Izi zikuphunzitsa kuti kuletsa nkhondo kumafuna woyanjanitsa wosakondera, koma kukhazikitsa mtendere kumafunanso bungwe lokhala ndi mphamvu yolondoloza zimene zinalonjezedwa, ndipo mphamvu imeneyo Arab League inalibe.