Laputopu yaikulu ya magemu: muiode kapena muisiye?

Amene mumagulitsa mafoni ndi makompyuta ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu ku Lilongwe kapena mumzinda wa Mzuzu mwaona kale kuti makasitomala ena ayamba kufunsa katundu wamtundu wina. Mnyamata amalowa m'shopu, sayang'ana n'komwe ma HP ndi ma Dell a muofesi amene mwayala patebulo, amangoti: "Bwana, ya RTX ilipo?" Iyeyu akufuna laputopu yaikulu yopangidwira magemu, monga ASUS ROG, Lenovo Legion, MSI, Acer Predator, HP Omen kapena Alienware.

Funso lotere limakopa, chifukwa phindu la makina amodzi likhoza kuposa la mafoni angapo. Koma makina amodzi omwewo amatha kumeza mpamba umene mukanaodera malaputopu wamba atatu kapena anayi. Musanatumize ndalama kwa wokugulirani ku Dubai, ku Johannesburg kapena ku UK, dziwani bwino chimene mukugula.

Ubwino wake

Chimene chimakweza mtengo wa makinawa ndi kachipangizo kotchedwa graphics card, kamene kamayendetsa zithunzi. Ambiri amakhala ndi ka NVIDIA GeForce. Mtundu wa RTX 3060 unatuluka mu 2021, wa RTX 4060 mu 2023, ndipo ma RTX 50 anayamba kupezeka mu 2025. Laputopu wamba ya muofesi ilibe kachipangizo kapadera kotere.

Apa m'pamene pali msika weniweni. Osewera magemu alipo, koma ambiri mwa amene angathe kulipira ndi anthu amene makinawa amawapatsa ndalama: ojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, okonza mavidiyo a nyimbo, opanga mapositala ndi zikwangwani, komanso ophunzira za uinjiniya ndi zojambula mapulani a nyumba ku MUBAS kapena ku MUST. Vidiyo ya ukwati imene laputopu wamba ingathere nayo maola ambiri ikuimaima, makina awa amaimaliza msanga. Wojambula akapereka ntchito mwachangu, amalandira ndalama mwachangu.

Sikirini yake imakhala yaikulu, mainchesi 16, 17.3 kapena 18, kotero munthu amagwira ntchito osafinya maso. Makina ambiri amtunduwu amatsekuka pansi n'kuwonjezera RAM ndi SSD, zimene malaputopu ena opyapyala salola. Kwa wamalonda iyi ndi bizinesi yachiwiri: mwagulitsa makina lero, mawa mwini wake abweranso kudzawonjezera RAM.

Kuipa kwake

Vuto loyamba ndi magetsi. Chaja ya laputopu ya muofesi imakhala ya mawati 45 kapena 65. Ya makina a magemu imayambira pa 180 kapena 230, ndipo akuluakulu amafika 330. Tiyerekeze kuti makina akudya mawati 200 pa ntchito yolemera. Pa maola asanu atha yunitsi imodzi ya ESCOM. Kwa amene ali pa sola nkhani imakula. Batire ya 12V 100Ah imasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma yamtundu wakale ija simuyenera kuikhetsa kupitirira theka. Ndiye kuti mwatsala ndi 600, amene makinawa amatha m'maola atatu okha, osawerengera zimene inveta imadya.

Wina anganene kuti magetsi akathima batire ya mkati ipitiriza. Zoona, koma pang'ono. Mabatire a malaputopu sapitirira 99.9Wh chifukwa malamulo a ndege amaika malire pa 100Wh. Pa gemu kapena pokonza vidiyo, batire yotere imatha pa ola limodzi kapena awiri. Komanso mukangozula chaja, makinawo amadzichepetsera okha liwiro. Kasitomala wa kudera kumene magetsi amathimathima mumuuziretu zimenezi, apo ayi adzabwera nayo m'manja akufuna ndalama zake.

Vuto lachiwiri ndi kutentha ndi fumbi. Makinawa ali ndi mafani awiri kapena kuposa, amene amakoka mpweya kudzera pansi. M'mwezi wa October, m'shopu ya m'mbali mwa msewu, amakokanso fumbi lonse. Likadzaza, makina amatentha, amayamba kuchedwa, mwina kuzima okha. Ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja vutoli limabwera msanga. Kuwaika pa bedi kapena pa mpando wa sofa n'kuwatseka mphuno.

Lachitatu ndi kulemera. Ambiri amalemera makilogalamu awiri ndi theka mpaka atatu, ena kufika anayi, chaja yakenso ili ngati njerwa. Wokwera minibasi kapena kabaza tsiku lililonse adzatopa nawo, ndipo chikwama chachikulu chimaitana akuba.

Lachinayi ndi kukonza. Graphics card ya laputopu inawotcheredwa pa bolodi. Ikapsa, nthawi zambiri pamafunika bolodi yonse, ndipo sipezeka mwachisawawa kuno. Chaja yeniyeni ya mawati 230 nayonso siipezeka pa benchi iliyonse.

Lachisanu ndi ndalama zakunja. Makina atsopano a mphamvu yooneka amagulidwa pa madola pafupifupi 1,000 kupita m'mwamba, musanawerengere zonyamulira ndi msonkho wa MRA. Kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anagulitsa katundu wotere pa ngongole masiku amenewo, polandira ndalama anapeza kuti sizikukwananso kuodera wina.

Mukamaoda ya kaunjika

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Magetsi amitundumitundu a pa kiyibodi asakunamizeni. Yatsani makina, tsekulani Task Manager, muone ngati graphics card imene yatchulidwa pa stika ilidi mkatimo. Kenako ikani gemu kapena vidiyo yolemera kwa mphindi 20 kapena 30. Mverani mafani: akamakwecha kapena imodzi ikakhala chete, pali ntchito yokonza. Makina akazima okha kapena sikirini ikaonetsa timizere, asiyeni ngakhale mtengo utsike motani.

Kuti mudziwe moyo wa batire, lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt ya Windows. Mudzaona mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano ndi imene yatsala. Funsani chaja yake yeniyeni, muwerenge mawati olembedwapo. Chaja yaing'ono imachedwetsa makina. Onaninso kuti mu BIOS mulibe pasiwedi, chifukwa katundu wokiyidwa nthawi zina amakhala wakuba. Safunsa anadya phula.

Chinanso, dzina lofanana si mphamvu yofanana. RTX 4060 ya laputopu imaloledwa kudya kuyambira mawati 35 mpaka 115, malinga ndi mmene kampani yaipangira. Makina awiri akhoza kukhala ndi stika imodzi koma wina n'kuthamanga kwambiri kuposa mnzake. Apa aakulu ndi onenepa aja ndi amene amapambana kawirikawiri, popeza amazizira bwino.

Ndiye titani?

Ngati mpamba wanu ndi wochepa, musaunjike katunduyu pa shelefu. Chaka chilichonse kumatuluka mtundu watsopano, ndipo wakale umatsika mtengo uli chikhalire. Odani kasitomala akalipira gawo lina, mulembane pa pepala mtundu wa makina, mtengo, tsiku lofika ndi masiku amene angabweze akapeza vuto.

Ngati mukufuna makina a pa shopu yanu yosindikiza kapena yojambula ndipo sadzatuluka pakhomo, kompyuta ya patebulo imapereka mphamvu yambiri pa ndalama zomwezo, ndipo chikawonongeka chimodzi mumangosintha chomwecho. Laputopu yaikulu imayenera munthu amene amanyamuladi ntchito yake kupita nayo ku ukwati, ku situdiyo kapena m'kalasi. Wongolemba malisiti, makalata ndi kutsatsa malonda pa Facebook, mugulitseni ya muofesi. Akakhutira adzabweranso, mwinanso ndi mnzake.